Kamlonda ka pa geti ya kashiamu mu mtima mwanu

Amene mumamwa amlodipine kapena nifedipine chifukwa cha BP mwina munamvapo kuti mankhwalawa amatseka njira za kashiamu. Nzoona. Koma chomwe ine chimandidabwitsa mpaka pano nchakuti thupi lili ndi kotsekera kakekake, kamene kamagwira ntchito pa kugunda kulikonse kwa mtima, mumwe mankhwala musamwe. Dzina lake ndi calmodulin.

Tiyambire pa kashiamuyo. Kunja kwa selo alipo wambiri, mkati wochepetsetsa, kusiyana kwake kumaposa ka 10,000. Pa khungu la selo pali timageti ta puloteni tomwe timatseguka magetsi a seloyo akasintha, ya mu mtima amaitchula CaV1.2, ndiye ikangotseguka kashiamu amakhamukira mkati nkukatsegulitsa nkhokwe ya kashiamu wina yemwe ali mkati mwa selomo kale, mnofu nkufinyika. Mukumva pachifuwapo ndi zimenezo. Koma mtima uyenera kumasukanso kuti magazi ena alowe, komanso kashiamu akachulukitsa selo imawonongeka, ndiye getiyo siyingangokhala pululu.

Mu 1978, Paul Brehm ndi Roger Eckert akufufuza Paramecium, kachilombo ka selo imodzi ka m'madzi, anaona kuti kashiamu amene walowayo ndi yemwenso amapangitsa geti kutsekeka. Mu labu zimaoneka bwinobwino, mukachotsa kashiamu nkuika barium, mchere wina wofanana naye, barium amadutsa pa geti yomweyo koma mzere wa pa kompyuta woonetsa magetsi amene akulowa sutsika msanga, geti imachedwa kutseka. Ndiye funso linali loti getiyo imadziwa bwanji kuti amene wadutsa ndi kashiamu? Yankho linadzabwera mu 1999 kuchokera ku magulu angapo, limodzi linali la David Yue wa ku Johns Hopkins. Getiyo payokha sidziwa, amene amadziwa ndi calmodulin.

Nkapuloteni kakang'ono, ma amino acid (tizidutswa tomangira puloteni) 148 basi, kali ndi mitu iwiri, N-lobe ndi C-lobe, mutu uliwonse umagwira makashiamu awiri. Chokoma apa nchakuti sikachita kuitanidwa kuchokera kutali ayi. Kamakhala katamatirira kale ku mchira wa geti mkati mwa selo, pamalo otchedwa IQ motif, ngakhale kashiamu asanabwere, ngati mlonda yemwe mpando wake uli pa geti pomwepo. Kashiamu akangolowa kamamugwira, kamasintha kapindidwe, geti nkuyamba kutseka, zonsezi mu tizigawo ta sekondi.

Mitu iwiri ija siimva zofanana, ndipo apa mpamene ndimafuna ophunzira anga akhale tcheru. C-lobe imamva kashiamu wa pakamwa pa geti yakeyo, amene amachuluka mwadzidzidzi nkutha. N-lobe nthawi zambiri imamva kashiamu amene wawunjikana mu selo yonse kuchokera ku mageti ambiri. Mu mtima wotseka kwenikweni ndi C-lobe. Koma mu ubongo, pa geti ya CaV2.1 yomwe imathandiza minyewa kupatsirana uthenga, C-lobe yomweyo imapangitsa geti kutseguka mosavuta ulendo wotsatira, N-lobe ndiyo imatseka. Kapuloteni kamodzi, ntchito ziwiri zotsutsana!

Nanga kakawonongeka? Anthufe tili ndi majini atatu, CALM1, CALM2 ndi CALM3, onse amapanga calmodulin wofanana ndendende, ndiye poti jini iliyonse timatenga kwa mayi ndi kwa bambo makope ake ndi 6. Munthu ungaganize kuti imodzi ikalakwika zisanu zotsalazo zikwanira. Ayi ndithu. Calmodulin wolakwikayo amathabe kukhala pa mpando uja, kungoti kashiamu samugwira bwino, ndiye mageti amene iye wakhalapo amachedwa kutseka, ndipo ngakhale atakhala ochepa amatalikitsa magetsi a kugunda konse. Pa ECG, kuyeza magetsi a mtima, zimaoneka ngati QT yaitali, QT kukhala nthawi imene magetsi a kugunda kumodzi amatenga kuyambira pofinya mpaka pobwerera m'malo, ana otere imafika cha m'ma 600 milisekondi pomwe yabwino siyenera kupitirira cha m'ma 450. Zoti calmodulin wolakwika amasokoneza mtima zinadziwika mu 2012 pa banja lina la ku Sweden, koma za QT yaitalizi Lia Crotti ndi anzake ndi amene anazipeza mu 2013 pa makanda omwe mtima unkaima mobwerezabwereza.

Matendawa ndi osowa kwambiri, musachite mantha. Koma QT yaitali ili ndi zoyambitsa zinanso zambiri, ndipo chimandiwawa nchoti mwana amene mtima wasokonekera amatha kugwa nkugwedezeka, anthu nkungoti ndi khunyu. Mwana akamakomoka pothamanga, posambira kapena akadzidzimuka, makamaka ngati pa mtundu panu wina anamwalirapo mwadzidzidzi ali wamng'ono, mufotokozereni dokotala zonsezo ndipo mupemphe ECG. Mankhwala ngati propranolol amathandiza ambiri akapezeka msanga.