Chitsononkho si choseweretsa cha galu

Nyengo yotonola chimanga ikafika kuno ku Dedza, ife osamalira ziweto timalandira dandaulo limodzimodzi: galu akusanza, akukana nsima, wangoti gone pakhonde. Mwini wake amabwera atagamula kale mlandu kuti aneba amuthirira poizoni. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma nthawi zambiri ukapapasa mimba ya galuyo umamva kanthu kolimba m'matumbo, ndipo ukafunsitsa umamva kuti ana akhala akumuponyera zitsononkho pabwalo.

Chitsononkho sichigayika m'mimba mwa galu. Akachiluma chimaduka zidutswa zoti n'kudutsa pakhosi, koma zikafika m'matumbo aang'ono zimakakamira. Chakudya ndi madzi zimasowa podutsa, galu amasanza chilichonse chimene walawa, thupi limatha madzi, ndipo pakapita masiku ochepa thumbo limayamba kuwola pamene patsekapo mpaka kubowoka. Palibe mankhwala akumwa kapena jakisoni amene angachisungunule. Pamafunika opaleshoni, ndipo kwa ife a ku Dedza ndi Ntcheu zimenezi kawirikawiri zimatanthauza ulendo wa ku Lilongwe ndi ndalama zimene mabanja ambiri sangakwanitse. Njere ya mango ndi ya pichesi zimachitanso chimodzimodzi, makamaka kwa agalu aang'ono.

Musamudzudzule galu chifukwa chotafuna. Mwana wa galu amakhala ndi mano oyamba 28, amene amayamba kuguluka ali ndi miyezi itatu kapena inayi, ndipo pofika miyezi 7 amakhala atamera mano 42 a ukulu. Nthawi yonseyi nkhama zimamunyerenyetsa. Atafuna ndithu, mufune musafune. Udindo wanu ndi kumusankhira chotafunacho asanadzisankhire yekha kudzala.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mpira wachikulunga. Ana amaumanga ndi majumbo n'kuukulunga ndi zingwe kapena malekeni, ndipo galu akaupeza amausasula m'kanthawi kochepa. Chingwe chikamezedwa, nsonga imodzi imatha kukola pansi pa lilime kapena potulukira m'chifu, ina n'kumapitirira. Matumbo akamayesa kuchikankha amakwinyika ngati nsalu yokokedwa ulusi, ndipo chingwecho chimayamba kuwacheka m'kati. Mukaona chingwe chikulendewera kumalo ochitira chimbudzi kwa galu wanu, chonde musachikoke. Mutha kung'amba matumbo ndi dzanja lanu lomwe. Pitani naye kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo.

Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka n'kukhala tizidutswa tosongoka. Ndodo yoponya nayo imatha kuzika pansi, galu pothamangira n'kudzibaya nayo kukhosi. Nsapato yakutha musamupatse, chifukwa mawa adzatafuna ya kutchalitchi osadziwa kuti walakwa.

Nanga timupatse chiyani? Mpira wa labala wolimba ndi wabwino, bola ukhale waukulu moti sungalowe wonse m'kamwa mwake. Mpira umene unali woyenera ali kamwana umasanduka wotsamwitsa akakula, ndiye muzisintha. Musanagule choseweretsa chilichonse, chitsindikeni ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Ngati sichikulowa ngakhale pang'ono, n'cholimba kwambiri ndipo chitha kuthyola dzino. Chokhala ndi timaso tapulasitiki, timabelu kapena thonje m'kati chisiyeni pashelefu pomwepo.

Sikuti mpaka mugule. Chingwe chonenepa cha khonje chomangidwa mfundo zikuluzikulu ndi chabwino pokokerana ndi galu, koma muzikhalapo, ndipo mukatha muchipachike poti sangafike. Chikayamba kuyoyoka ulusi chitayeni. Karoti wamkulu wosaphika, amene sasowa pamsika wa Lizulu kapena Tsangano, amathandiza kagalu kamene kakumera mano. Seweronso lina limene ndimalikonda silifuna ndalama: tengani gawo la chakudya chake, mulimwaze pa udzu woyera kapena mulibise m'malo angapo pabwalo, iye azifunafuna ndi mphuno. Kununkhiza kumamutopetsa bwino galu, ndipo wotere usiku sakumba m'dimba.

Alipo amene amati galu wosewera naye amapusa, sauwa akuba. Sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono. Galu amene amatandala pa tcheni tsiku lonse popanda womucheukira amauwa chilichonse, ndipo akamasulidwa amaluma ngakhale mwana wa pakhomo. Wozolowera kusewera ndi eni ake amadziwa wapakhomo ndi mlendo, ndipo mukamuitana amabwera. Mphindi 10 kapena 15 m'mawa ndi madzulo n'zokwanira kwa agalu ambiri. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pewani masana, poti galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa popuma mwawefuwefu, ndipo sachedwa kutenthedwa, makamaka kumunsi kotentha ngati ku Golomoti ndi Bwanje.

Ana aphunzitseni kuti dzanja si choseweretsa. Kagalu kakaluma chala posewera, mwana asiye sewerolo pomwepo n'kukapatsa chingwe chija. Kupanda kutero chizolowezicho chimakula nako. Komanso m'dziko muno chiwewe chilipo, ndipo chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Galu aliyense wosewera ndi ana alandire katemera akakwana miyezi itatu, kenaka chaka ndi chaka. Funsani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu za tsiku la katemera. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa mpaka khungu kutseguka, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale galuyo akhale wanu womwe.