MF DOOM: woimba amene anabisa nkhope kuti timve mawu

Achinyamata akabwera ku situdiyo kudzajambula rapu, ambiri amayamba kudandaula za vidiyo nyimbo isanathe n'komwe: avale chiyani, galimoto akabwereke kwa ndani. Zikatero ndimawakhazika pansi n'kuwaikira nyimbo za MF DOOM, munthu amene kwa zaka pafupifupi 20 ankaimba nkhope ili m'chigoba chachitsulo.

Dzina lake lenileni anali Daniel Dumile. Anabadwira ku London mu 1971, bambo ake a ku Zimbabwe, mayi ake a ku Trinidad, koma anakulira ku Long Island, ku New York. Anayambira m'gulu la KMD pamodzi ndi mng'ono wake, DJ Subroc, akudzitcha Zev Love X. Mu 1993 mng'ono wakeyo anagundidwa ndi galimoto n'kumwalira. Misozi isanaume, kampani ya Elektra inakana kutulutsa chimbale chawo chachiwiri chifukwa cha chithunzi cha pachikuto, n'kuwataya. Dumile anangoti zii kwa zaka zingapo. Potulukiranso, anali akurapa ku Nuyorican Poets Café ku Manhattan atadziphimba kumaso ndi sitokoni, ndipo mu 1999 anatulutsa Operation: Doomsday ndi dzina latsopano, lotengera Doctor Doom, chigawenga cha m'makatuni a Marvel.

Zoimba zakezi amazitcha alternative hip hop, kutanthauza rapu yosatsata njira ya pa wailesi. Nyimbo ya pa wailesi imakhala ndi kolasi yobwerezabwereza kuti ngakhale kondakitala wa minibasi aziing'ung'udza pofika masana. Chimbale cha Madvillainy, chimene DOOM anatulutsa ndi wopanga mabiti Madlib mu 2004, chili ndi nyimbo 22 m'mphindi pafupifupi 46, ndipo kolasi mungaifune mpaka kutopa. Vesi ikatha, nyimbo yatha. Ena mwa mabiti ake Madlib anawapangira m'chipinda cha hotela ku São Paulo, podula tizidutswa ta malekodi akale ndi kamakina kakang'ono ka Boss SP-303. Phokoso la singano yokanda lekodi analisiya momwemo dala.

Koma chimene ndimafuna kuti achinyamata aja amve ndi kalukidwe ka mawu. M'Chichewa, aneni ambiri amathera ndi "a". Munthu akhoza kumaliza mizere ndi kudya, kumwa, kugona, n'kumadziona ngati katswiri, chonsecho chilankhulo ndicho chamugwirira ntchito. DOOM sankakhutira ndi kugwirizanitsa kaphatikizo komaliza kokha. Ankagwirizanitsa maphatikizo anayi, asanu otsatizana, pakati pa mzere, kumayambiriro, nthawi zina mzere wonse kuyankha mzere unzake, ngati mmene amalukira mkeka, kuti ukatchera khutu pena paliponse upeza mfundo. Liwu lake linali lamanzenene, lotsalira pang'ono kumbuyo kwa biti ngati munthu wosafulumira, ndipo nthabwala ankazinena osakweza mawu. Zina umazimva ulendo wachitatu. Ine zina ndinazimva patapita zaka.

Chigoba chija chinali ndi ntchito yake. Iye ankanena kuti DOOM ndi munthu wa m'nkhani, ndipo iye ndi mlembi chabe. N'chifukwa chake ankatulutsanso zimbale ndi mayina ena, monga Viktor Vaughn ndi King Geedorah. Kwa ife amene tinakula tikuonera gule, zoti chovina pabwalo sitichifunsa dzina si zachilendo. Koma iye anapita nazo patali: pa mashoo ena ankatumiza munthu wina atavala chigobacho, kumangoyendetsa milomo nyimbo ikulira. Anthu anakwiya, ndipo ine ndili mbali yawo. Munthu wagula tikiti ndi ndalama yake, mumupatse chimene walipira.

Chodabwitsa n'chakuti munthu amene anthu amamuona ngati mwana weniweni wa New York sanakhalepo nzika ya America. Mu 2010, pobwerera kokaimba ku Ulaya, anamukaniza kulowa m'dzikolo, ndipo anakhazikika ku England. Anamwalira ku Leeds pa 31 Okutobala 2020 ali ndi zaka 49, thupi litatupa chifukwa cha mankhwala a BP amene sanamuyanje. Dziko linamva za maliro ake pa 31 Disembala, mkazi wake atalengeza, miyezi iwiri itadutsa.