Chifukwa chake adokotala amayamba adula kanyama asanapereke mankhwala a khansa

Pali mkangano umene sumveka pa wailesi koma uli m'makomo ambiri kuno ku Mangochi, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Chilipa. Mayi akapezeka ndi chotupa m'bere, achipatala amati tidule kanyama pang'ono kakapimidwe, ndipo abale amagawikana pomwepo. Ena amati pitani. Ena amati ayi, khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imalusa. Palinso odandaula ndi ulendo: munthu wagulitsa mbuzi, wakwera minibasi mpaka ku Zomba kapena ku Blantyre, wabwerako wopanda mankhwala, angomuuza kuti adikire zotsatira. Ndiye malume amafunsa pakhonde kuti, bwanji osangomupatsa mankhwala amene anapatsa mayi uja wa kutsidya kwa Shire, poti matenda ndi amodzi?

Matendawo si amodzi. Zotupa ziwiri zikhoza kufanana pozikhudza koma chozikulitsa n'kukhala chosiyana, ndipo kuti anthu adziwe zimenezi panapita zaka zoposa makumi anayi.

Nkhaniyi inayambira pa tiana ta mbewa. Mu 1962 Stanley Cohen wa ku yunivesite ya Vanderbilt ku America anafotokoza za puloteni imene anaipeza m'tiziwalo topanga malovu ta mbewa. Akabaya nayo tiana tongobadwa kumene, tinkatsegula maso patangotha pafupifupi sabata imodzi m'malo mwa masabata awiri, mano n'kumeranso msanga. Puloteniyo inali kuuza maselo a khungu kuti achulukane; maselo ndi tizigawo tosaoneka ndi maso timene timapanga thupi. Inadzatchedwa EGF, ndipo mu 1986 Cohen analandira nayo mphoto ya Nobel pamodzi ndi Rita Levi-Montalcini. Chimene chinatsala chosadziwika ndi ichi: EGF imafikira kunja kwa selo, nanga uthenga wake umalowa bwanji m'kati?

Theka la yankho linali litapezeka kale ku Seattle. Mu 1955 Edmond Fischer ndi Edwin Krebs, akufufuza m'mene minofu ya kalulu imatulutsira shuga wosungidwa, anaona kuti puloteni ina imayamba ntchito ikamatidwa kachidutswa ka phosphate, ndipo imaleka kachidutswako kakachotsedwa. Phosphate si chinthu chachilendo kwa mlimi: pa thumba la feteleza wa 23:21:0+4S, nambala yapakatiyo ndi yomweyi. M'thupi, selo imaitenga ku ATP, kamene kamasunga mphamvu yochokera ku chakudya. Mapuloteni omata phosphate amatchedwa kinase, ochotsa ndiwo phosphatase, ndipo kumatako ndiko phosphorylation. Munthu ali ndi mitundu ya kinase yoposa 500.

Theka linalo linabwera mwangozi, ndipo ine ndimaikonda ngoziyi. Mu 1979 Tony Hunter wa ku Salk Institute ku California anagwiritsa ntchito madzi opimira akale amene anakhalitsa pa shelefu m'malo mosungunula atsopano. Madziwo anali atasintha mphamvu pang'ono, ndipo kusinthako kunalekanitsa timadontho tiwiri timene masiku onse tinkagwera pamodzi. Ndi m'mene anadziwira kuti phosphate imamatidwanso pa kachigawo ka puloteni kotchedwa tyrosine, kamene palibe ankakaganizira. Chaka chotsatira Cohen ndi Hiroshi Ushiro anasonyeza kuti cholandirira EGF pa khungu la selo, chimene asayansi amati receptor, nachonso ndi kinase ya tyrosine.

Tsopano chithunzi chinaoneka. Receptor imaboola khungu la selo, mutu kunja, mchira m'kati. EGF ikagwira mutu, ma receptor awiri amayandikana n'kugwirana, ndipo michira yawo imamatidwa phosphate pa ma tyrosine angapo. Pamalo omatidwawo pamadzakakamira mapuloteni ena, amene amadzutsa puloteni yotchedwa Ras, Ras n'kudzutsa ma kinase ena motsatizana, mpaka mawu afike pa DNA akuti gawikana. Zonsezi zimayamba m'masekondi. Kuzimitsa nakonso sikuchedwa: ma phosphatase amachotsa phosphate, ndipo selo imameza receptor ija m'mphindi zochepa, n'kuiphwanya kapena kuibweza kunja. Aliyense amene anapitako usiku kokagwira usipa amamudziwa siginala, uja wa pabwato la nyali, amene akaona kuti nsomba zasonkhana amauza alovi kuti kokani. Receptor ndi siginala wa selo. Receptor yowonongeka imangokuwa kuti kokani, kokani, usiku wonse, pansi palibe nsomba, ndipo selo imamvera.

Nthawi ya kukuwako ndiyo nkhani. Pa maselo ena a khoswe amene amafufuzidwa kwambiri, EGF imadzutsa uthenga wachidule ndipo maselo amachulukana, pamene puloteni ina, NGF, imadzutsa njira yomweyo kwa maola ndipo maselo amaleka kugawikana n'kumera nthambi ngati mitsempha. Mu 2006 gulu la Matthias Mann linathira EGF pa maselo a munthu n'kumawapima pa mphindi 1, 5, 10 ndi 20. Anawerenga malo 6,600 omatidwa phosphate pa mapuloteni 2,244. Ena ankayaka pa mphindi yoyamba n'kuzima, ena ankayamba anzawo atatha kale. Maselo amene anagwiritsa ntchitowo ndi a HeLa, otengedwa mu 1951 ku Baltimore pa chotupa cha mayi wakuda, Henrietta Lacks, iye osapemphedwa. Ankadwala khansa ya khomo la chiberekero, yomweyi imene ikutha amayi kuno kwathu.

Kuti khansa imalowa bwanji m'nkhaniyi zinaonekera ku London mu 1984. Julian Downward ndi Michael Waterfield anapeza kuti kachilombo kena koyambitsa khansa mwa nkhuku kamanyamula receptor ya EGF yoduka mutu, yotumiza uthenga popanda woituma. Mu 1987 Dennis Slamon ku Los Angeles anasonyeza kuti khansa zina za m'mawere zimakhala ndi m'bale wake wa receptor ija, wotchedwa HER2, wochuluka mopyola muyeso, ndipo zoterezi zimathamanga. Pa amayi asanu odwala khansa ya m'mawere, woterewu amakhala mmodzi kapena osakwana. Mankhwala a trastuzumab, amene amagwira mutu wa HER2 kunja kwa selo, anavomerezedwa ku America mu 1998. Mayi amene chotupa chake chilibe HER2 wochuluka sapindula nawo kanthu, ndipo akhoza kungofooketsedwa mtima, chifukwa ndilo vuto lodziwika la mankhwalawa. Kwa ena chokulitsa chotupa ndi mahomoni achikazi, amene amagwira receptor yotchedwa ER, ndipo amayi oterewa ndiwo a mapiritsi a tamoxifen. Enanso alibe zonse ziwiri, awo ndi a opaleshoni ndi kemo. Dzanja la dokotala silingasiyanitse atatuwa. Chimasiyanitsa ndi kanyama kaja, kakadulidwa mopyapyala, kupakidwa utoto wapadera n'kuikidwa pa maikulosikopu.

Mapiritsi analowera khomo lina. Imatinib, imene inavomerezedwa mu 2001 Brian Druker atayesa pa odwala, imakhala pamalo pamene ATP imafikira mu kinase, phosphate n'kusowa kochokera. Inasandutsa mtundu wina wa khansa ya m'magazi, CML, kukhala matenda amene munthu amakhala nawo zaka zambiri akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Gefitinib, yotseka receptor ya EGF pa khansa ya m'mapapo, inakhumudwitsa poyamba: ku America inkathandiza pafupifupi wodwala mmodzi pa khumi. Mu 2004 magulu awiri a ku Boston anapeza kuti ochepawo anali ndi receptor yosinthika, imene imapezeka kwambiri mwa osasuta fodya ndi anthu a kum'mawa kwa Asia. Mankhwala anali abwino, koma ankaperekedwa mwachimbulimbuli. Ndipo khansa nayo siigona. Pakatha pafupifupi chaka, mwa ambiri receptor imasinthanso kachigawo kamodzi, T790M, mankhwala n'kuleka kugwira. Osimertinib ya 2015 inapangidwira vuto lomweli.

Za mtengo zili ndi mbiri yakeyake ya milandu. Mu 2013 khoti lalikulu la India linakana kupatsa kampani ya Novartis umwini wa Glivec, dzina lamalonda la imatinib, motero makampani a kumeneko anapitiriza kupanga yotsika mtengo. Mu 2015 bungwe la WHO linaika imatinib ndi trastuzumab pa mndandanda wa mankhwala ofunika, ndipo mu 2019 linavomereza trastuzumab yoyamba ya kampani ina. Kukhala pa mndandanda si kukhala pa shelefu ya famase, zimenezo gadiyani aliyense amadziwa.

Nanga za mpeni wolusitsa khansa? Amene amanena zimenezi sanama pa zimene anaona: m'bale wawo anadulidwa kanyama, patapita miyezi n'kumwalira. Koma ambiri amafika kuchipatala chotupa chitakhala chaka, chitatuluka kale m'bere kupita m'khwapa, m'mafupa kapena m'mapapo. Singano yotengera kanyama imangopezeka pa nthawi imene matenda anali kale pa liwiro. Dandaulo limene ine ndikuliona lomveka ndi la kuchedwa, chifukwa madokotala owerenga tinyamati ndi ochepa m'dziko muno, ndipo kanyama kakachedwa kuikidwa m'madzi a formalin zizindikiro za ma receptor zimafwifwa, zotsatira n'kusokonekera. Pamenepo abale ali ndi ufulu wofunsa kuti, adokotala, kanyama kapita liti, ndipo ER ndi HER2 apima kapena ayi?

Tisanamizanenso: khansa zimene zadzaza mawodi athu, ya khomo la chiberekero, ya kummero ndi ya Kaposi, si zimene mankhwalawa anapangidwira. Ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo katemera wake anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9.