Kutentha kumalembedwa pamwamba pa muvi

Pa mapepala a chemistry amene ndimachonga kuno ku Chipata, cholakwa chimodzi sichisowa. Funso limafuna word equation, kutanthauza mzere wa mayina wokhala ndi muvi pakati, zoyambira kumanzere ndi zotuluka kumanja, ya zimene zimachitika calcium carbonate akatenthedwa, mwana n'kulemba calcium carbonate + oxygen, wina calcium carbonate + heat. Makolo amene mumayang'ana makope a ana madzulo, izi mungazigwire ngakhale simunaphunzire sayansi.

Decomposition ndi kusweka kwa chinthu chimodzi n'kutulukamo ziwiri kapena kuposerapo. Choncho kumanzere kwa muvi kumakhala dzina limodzi lokha, popanda chizindikiro cha +. Kutentha simungakuike pa sikelo. Ndi mphamvu yoswera basi, n'chifukwa chake malo ake ndi pamwamba pa muvi. Oxygen amalowa chinthu chikamayaka, monga makala pa mbaula, koma mwala wa laimu, womwe ndi calcium carbonate, suyaka, umangosweka:

calcium carbonate → calcium oxide + carbon dioxide

Izi n'zimene zimachitika m'ng'anjo zowotchera laimu ku Ndola ndi za simenti ku Chilanga, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 900. Magalamu 100 a calcium carbonate amasiya magalamu 56 a calcium oxide, ndipo 44 otsalawo amachoka ngati mpweya. Palibe chatayika, palibenso chabwera kuchokera kunja. Apa ndi pomwe mwana angadziyese yekha: chilichonse cholembedwa kumanja chiyenera kuti chinali kale m'dzina la kumanzere. Wolemba kuti carbonate watulutsa chlorine afunsidwe kuti chlorine'yo wamutola kuti.

Ine ndimakonda kuyamba ndi copper carbonate, chifukwa maso amaona okha. Ufa wake ndi wobiriwira. Ukauika mu test tube pa moto umayamba kudumphadumpha, n'kuda kuyambira pansi mpaka wonse kukhala bii. Mpweya wotuluka ukaudutsitsa mu limewater, madzi a laimu oyesera carbon dioxide, madziwo amachita mbuu. Wakudayo ndi copper oxide, mpweyawo ndi carbon dioxide, ndipo mwana amene waona zimenezi sasokonezanso mbali ziwiri za muvi:

copper carbonate → copper oxide + carbon dioxide

Soda wa m'khitchini, amene amafufumitsa chigumu, amatulutsa zitatu:

sodium hydrogencarbonate → sodium carbonate + water + carbon dioxide

Ambiri amaiwala madziwo, pomwe hydrogen ali m'dzinamo ndipo ayenera kupita penapake: amapita m'madziwo.

Sikuti nthawi zonse pamafunika moto. Hydrogen peroxide amasweka yekha pang'onopang'ono, ndipo kuwala kumafulumizitsa kuswekako, n'chifukwa chake amasungidwa m'botolo losalowa kuwala:

hydrogen peroxide → water + oxygen

Mukathiramo kaufa kakuda ka manganese dioxide, kapena kachidutswa ka chiwindi chosaphika, thovu limabwera nthawi yomweyo, ndipo kamtengo kongonyeka kamayakanso mukakalowetsa mu test tube. Manganese dioxide'yo ndi catalyst, chinthu chofulumizitsa kuswekako koma icho osatha. Mukamusefa pamapeto n'kumuumitsa, kulemera kwake sikusintha, ndiye nayenso amakhala pamwamba pa muvi, osati kumanzere.

Okonzekera mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso m'Zambia, asamangoloweza kuti carbonate aliyense amasweka pa moto. Sodium carbonate ndi potassium carbonate, ngakhale muwatenthe bwanji pa Bunsen burner, moto wa gasi wa mu labu, satulutsa carbon dioxide, ndipo yankho lolondola pamenepo ndi lakuti palibe decomposition.