Mafuta a bulugamu samwedwa

Sipatha sabata osabwera munthu pa kauntala ya famase yathu atanyamula kabotolo, n'kufunsa kuti, "Awa ndi achilengedwe, mwana ndimumwetse madontho angati?" Ngakhale dontho limodzi ayi. Ndayankhula mpaka kukhosi kwauma.

Chisokonezochi chinakula mu 2020 ndi 2021, nthawi ya Covid, pamene makomo ambiri ankangonunkhira bulugamu wowiritsa, anthu atafunda bulangeti pamphika. Kuyambira pamenepo ambiri amaganiza kuti za m'kabotolo ndi madzi a mumphika omwe aja. Si choncho.

Amene anaonapo akutcheza kachasu akudziwa kale mmene mafutawa amapangidwira. Yang'anani tsamba la bulugamu moloza kudzuwa, muona timadontho towala. Mafuta amakhala mmenemo. Masamba amawathira mu mgolo, nthunzi imadutsamo n'kunyamula mafutawo, kenako imazizira mu paipi n'kusanduka madzi. Mafuta amayandama pamwamba, amawayengula. Masamba olemera makilogalamu 100 amatulutsa lita imodzi kapena awiri basi. Ndiye kuti sipuni yaing'ono ya tiyi yanyamula mphamvu ya masamba odzaza jumbo.

Mtengowu kwawo ndi ku Australia, ndipo mu mafuta a mtundu wa Eucalyptus globulus magawo oposa 70 pa 100 alionse ndi mankhwala otchedwa cineole. Ndi amene amachititsa kuti mphuno izimveka ngati yatseguka. Amathandizako pa chimfine, sindikana. Chimodzimodzi menthol wa mu peppermint, kapena eugenol wa mu cloves yemwe amaziziritsa dzino lopweteka kwa kanthawi. Koma cineole akalowa m'mimba amathamangira ku ubongo, ndipo kwa mwana wamng'ono sipuni imodzi ya tiyi ikhoza kupha.

Zaka zingapo zapitazo, ndikugwira ntchito pa chipatala china, anabwera naye mwana wa zaka ziwiri. Agogo ake anam'mwetsa sipuni ya mafutawa madzulo chifukwa ankatsokomola. Posakhalitsa mwana anayamba kudzandira ngati woledzera, n'kugona. Pakhomo anasangalala kuti mankhwala agwira. Atamuona akuphupha usiku, anam'pisa chala kukhosi kuti asanze, ndipo apa ndi pamene zinthu zinaipiratu: mafuta aja anatsamwira m'mapapo. Anafika kwa ife kutacha, mpweya wake ukununkha bulugamu mpaka pakhomo la wodi. Anapulumuka, atakhala masiku ambiri pa oxygen. Chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi mawu a agogo aja, atakhala pansi pakhonde: "Mwanangu, amene anandigulitsa anati ndi masamba chabe." Sanali munthu wosasamala. Mdzukulu wawo ankamukonda.

Ogulitsawo ndiye andikwana. Pa WhatsApp ndi pa Facebook kabotolo kamodzi kakuchiza chibayo, shuga, BP ndi malungo. Botolo lopanda dzina la mtengo, lopanda tsiku, nthawi zina lokhala kale la mankhwala ena. Ena atulukira ndi mafuta a artemisia, ati amaposa LA. Artemisinin, chomwe chimapha tizirombo ta malungo mu chomera cha artemisia, satuluka ndi nthunzi, m'mafutamo mulibe. Mwana wa malungo mukumupaka fungo uku tizirombo tikuswana m'magazi.

Wamkulu akafuna kupaka pachifuwa, asakanize dontho limodzi kapena awiri mu sipuni ya mafuta ophikira. Mwana wosakwana zaka ziwiri musam'pake kumaso kapena pafupi ndi mphuno, angabanike. Za kufukiza mwana pamphika wamadzi owira musiyiretu. Ana opsa ntchafu ndi pamimba tawamanga mabandeji okwanira.

Ndipo chifuwa cha mwana muzichiwerenga, osati kuchinunkhiritsa. Muvuleni malaya, yang'anani wotchi kwa mphindi imodzi. Wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa, wa chaka chimodzi mpaka zisanu ka 40 kapena kuposa, kapena m'munsi mwa nthiti mukamalowa mkati pokoka mpweya, chimenecho chingakhale chibayo ndipo chikufuna chipatala lero lomwe. Akamwa mafutawa mwangozi musam'sanzitse, musadikire kuti muone ngati adzuke bwino. Nyamukani nthawi yomweyo, ndipo kabotoloko mukatenge kuti tikaone chomwe wamwa.