Pa YouTube mumamvera ulere, koma nyimboyo ili ndi mwini

"Koma bwana, pa YouTube paja si zaulere?" Funso limeneli ndalimva mu situdiyo mwanga ku Luwinga kuno mpaka makutu kuwawa. Kumvera n'kwaulere, inde, chifukwa amene walipira ndi wotsatsa malonda uja mumamudumpha pakangotha masekondi 5. Mukamvera pomwepo, nyimbo imawerengedwa, ndipo kangachepe kamatha kufika kwa mwiniwake. Mukaikoka ndi timapulogalamu tosandutsa vidiyo kukhala MP3, kuwerengako kwathera pomwepo.

Bandulo njodula, ndikudziwa. Koma pa Audiomack ndi Boomplay mungathe kusunga nyimbo m'kati mwa pulogalamu momwemo n'kumamvera popanda intaneti. Ndiye musanamizire bandulo.

Amene sachoka m'mutu mwanga ndi mayi wina woimba nyimbo zauzimu. Anakongola ndalama ku banki mkhonde, tinajambula chimbale chonse, usiku kugona pa mpando. Sabata isanathe, nyimbo zake zinali m'mamemori kadi, zikulira m'maminibasi a ku Ekwendeni ndi pa maukwati ku Chibavi. Anabwera akumwetulira: "Achimwene, ndatchuka! Nanga ndalama zibwera liti?" Ndinasowa poyambira. Anyamata obena nyimbo anali atadya kale, iye ngongole ili pakhosi.

Choipitsitsa, nyimbozo anazipereka kwa mnyamata wina amene anamulonjeza kuti amuikira pa intaneti. Anaziikadi, koma pa akaunti yake iyeyo. Oimba inu, achenjereni akamberembere amenewa! Munthu akakupemphani nyimbo popanda pepala losainirana, kapena akakana kukupatsani pasiwedi ya akaunti yokhala ndi dzina lanu, nyamukani muzipita. Enanso amagulitsa "mavyu" abodza, kutanthauza kukweza mwachinyengo chiwerengero cha oonera nyimbo yanu. Makampani ngati YouTube akazindikira amatha kuichotsa nyimboyo.

Ndipo musachedwe kupita ku COSOMA, bungwe loona za kopiraiti m'Malawi muno. Lamulo la kopiraiti la 2016 limateteza nyimbo yanu kuyambira pamene mwaipanga, koma bungweli silingakugawireni ndalama zochokera ku mawayilesi ndi m'malo azisangalalo ngati silikukudziwani. Kalembetseni nyimbo isanatuluke, osati mkangano utabuka kale.

Mayi uja anakalembetsa patapita chaka. Mpaka lero akulimbanabe ndi mnyamatayo kuti abweze akaunti, ndipo chimbale chachiwiri chimene tinayamba chidakali m'kompyuta mwanga, nyimbo 3 zokha.