Nyumba ya pa Raisina ndi mthunzi umene Lutyens anaphunzira kwa Amwenye

Mu Disembala 1911, Mfumu George V ya ku Britain, imene inkalamuliranso India, inalengeza kuti likulu la India lichoke ku Calcutta lipite ku Delhi. Likulu latsopanolo linafunika nyumba ya bwanamkubwa, amene kumeneko ankamutcha Viceroy, ndipo pulani yake anaipereka m'manja mwa Edwin Lutyens, Mngelezi wojambula mapulani a nyumba. Malo anasankha pa chitunda cha Raisina. Ntchito imene ankati itha m'zaka zinayi inadya zaka 17, kuyambira 1912 mpaka 1929. Lero chinyumba cha zipinda 340 chimenechi ndi Rashtrapati Bhavan, kokhala pulezidenti wa India.

Ife ojambula mapulani a nyumba tikamaiyang'ana, maso athu sathamangira kukula kwake. Amathamangira pamzere wakuda umene wazungulira nyumba yonse m'munsi mwa denga. Mzerewo si penti ayi, ndi mthunzi. Pamenepo pali mwala wopyapyala wotuluka kunja kwa khoma pafupifupi mamita awiri ndi theka, wopendekera pansi pang'ono, umene amisiri a ku India amautcha chhajja. Ntchito yake ndi ija ya denga la khonde: dzuwa la masana lisawombe khoma ndi mawindo, mvula ikagwa madzi agwere kutali. Ku Delhi kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo khoma lamwala likamwa dzuwa tsiku lonse limabweza kutenthako usiku, anthu n'kumagona ngati ali mu uvuni. Ukatchinga dzuwa lisanafike pakhoma, wathetsa vuto lisanabadwe. Palinso jaali, mwala wobooledwa timabowo ngati sefa, umene umalowetsa mphepo n'kuchepetsa kuwala.

Chodabwitsa n'chakuti Lutyens sankawalemekeza kwenikweni mamangidwe a ku India. Mtima wake unali pa mizati ndi miyeso ya ku Roma. Bwanamkubwa wa nthawiyo, Lord Hardinge, ndiye anaumirira kuti nyumbayo ionekeko kuti ili m'dziko la Amwenye. Ine ndimaona kuti kuumirira kumeneku n'kumene kunaipulumutsa. Denga lalikulu lapakati, looneka ngati mphika wovundikira, linatengera kachisi wakale wa Abuda wa ku Sanchi. Makoma ndi a mwala wamchenga, wofiira m'munsi, woyererako pamwamba, mwala womwewo umene mafumu a Mughal, olamulira India kalelo, ankamangira. Pamitu ya mizati anasemapo timabelu tamwala. Anthu amasimba kuti poti mabeluwo sangalire, ufumu wa Angelezi sudzamva belu lotsanzikira.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya msewu. Herbert Baker, yemwe anajambula Union Buildings, maofesi a boma la South Africa ku Pretoria, anapatsidwa nyumba ziwiri za maofesi a boma, ndipo anapempha kuti nazonso zikhale pachitunda pomwepo. Lutyens anavomera, nyumba yake n'kusunthira kumbuyo, ndipo anasainira mapepala osayeza bwino kutsetsereka kwa msewu wokwera pakati pa maofesiwo. Zotsatira zake, munthu akamayandikira chitunda nyumba imamira pang'onopang'ono, n'kutsala denga lokha likusuzumira. Lutyens anadandaula mpaka kwa akuluakulu, koma sanamumvere, ndipo ubwenzi wa awiriwa unathera pomwepo. N'chifukwa chake wachinyamata aliyense wobwera kudzaphunzira ntchito kwa ine ndimamuuza kuti asasaine pulani yoona malo kuchokera kumwamba yokha, aone kaye chithunzi chodula nthaka cham'mbali, aime ndi maganizo ake pamene padzaime munthu woyenda pansi.

Bwanamkubwa woyamba kugona m'nyumbayi anali Lord Irwin, ndipo likulu latsopanoli, New Delhi, analitsegulira mu 1931. Mabelu amwala aja sanalire, komabe mu 1947 Angelezi ananyamuka. Mu 1948 analowamo C. Rajagopalachari, Mmwenye woyamba kukhala bwanamkubwa. Iye anaona kuti zipinda za Viceroy n'zapamwamba mopitirira muyeso, choncho anakakhala kumbali imene inamangidwira alendo. Rajendra Prasad atakhala pulezidenti woyamba pa 26 Januwale 1950 anatsata zomwezo, ndipo mpaka pano apulezidenti amagona kumbali ya alendo, pamene zipinda za bwanamkubwa zimalandira atsogoleri a mayiko ena.